Osagwedeza

Masabata asanu ndi limodzi mayi wina wofufuza za sayansi anadikira kuti mkuwa ugwirane ndi mankhwala a nayitirojeni m'kabotolo kake. Timiyala tabuluu titayamba kumera, toti akatiunike pamakina n'kuona mmene maatomu akhalira, anamata pepala pakabotolopo: OSAGWEDEZA.

A pulofesa, bwana wake, analowa mulabu, nanyamula kabotoloko, n'kukakhutchumula pawindo ngati mankhwala a chifuwa.

"Muli matope okhaokha umu," anatero. "Masabata onsewa mumangotafuna malipiro, mayi?"

Timiyala tija tinali titaphwanyikadi. Mayiyo anapsa mtima. Anamatula pepala lija n'kuwapanikiza nalo m'manja.

"Tengani, bwana. Mabuku mwalemba ambiri. Tsopano kapezeni munthu akuwerengereni liwu limodzili."