Chimene Kalaliki Anakhwatcha

A Telala anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, ndipo chikho chawo chomaliza cha chesi anachitenga tsitsi lidakali lakuda bii. Zikho zawo zisanu tsopano zinali pamwamba pa kabati mu shopu yawo, china chosungiramo mabatani, china mapini. Komabe kukangomveka kuti kuli mpikisano, madalawo ankasita jekete lawo n'kukalembetsa.

Anthu ankafunsana kuti nkhalamba ikufunanso chiyani kumeneko. Ena ankati ndi dyera, ena ankati ukalamba wawalowa m'mutu. Eni ake sankayankha, koma chifukwa ankachidziwa. Chimwalirireni akazi awo, pakhomo panalibenso wowatsutsa. Akanena kuti kukubwera mvula dzuwa likuswa mtengo, mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, ankangoti, "Eya bambo." Akasoka kolala yopotoka, mwini malaya ankathokoza ndi manja awiri n'kukaikonzetsa kwina mwakachetechete. Bolodi la chesi lokha ndilo linalibe "eya bambo". Ukalakwitsa limakuuza pompo, ngakhale imvi zikufike m'nsidze. Ndiye pamene anayambanso kupambana apo ndi apo zaka zitatu zapitazi, mtima wawo unakhala m'malo. Galu wamkota sakandira pachabe, ankadziuza choncho akusita jekete lija.

Loweruka lina mpikisano unali mu holo ya sukulu ina, yamipando yapulasitiki ndi fani imodzi yolira ngati chigayo. Pa masewero omaliza anakumana ndi Kalaliki, bambo wa ana atatu, amene tsopano ankaopedwa ndi aliyense m'holomo. Chesi yake yonse anaiphunzira pa tebulo lodulira nsalu la a Telala, pakati pa sizasi ndi choko. Pamenepo ndi pamene anamukhomerera lamulo limodzi: usanagwire kanthu pa bolodi, lemba kaye papepala chimene ukufuna kusewera, uyang'anenso, ndiye usewere. Malamulo a masiku ano amaletsa zimenezo, koma dzanja lozolowera silimva kuletsa. Kalaliki ankaphimba pepala ndi chikhatho n'kulemba ndithu.

Atasewera maola atatu, a Telala anasuntha bishopu, n'kudina wotchi yowerengera nthawi ya osewera. Chala chisanachoke pa wotchipo anaona chimene achita. Hatchi ya Kalaliki ikanangodumpha kamodzi, n'kuopseza mfumu ndi mfumukazi nthawi imodzi, nkhani ikanathera pomwepo. Thukuta linatsika m'khosi mpaka m'kolala.

Kalaliki anayang'ana bolodi, n'kulemba. Anayang'ananso nthawi yaitali, n'kulembanso. Kenako anakankha kamsilikali kakumphepete kopanda ntchito.

Sanaione! A Telala anachita kudziluma mlomo kuti asaseke. Anakhala tsonga, nayamba kumupanikiza mwana wa eni ake mpaka Kalalikiyo anatambasula dzanja kuti wagonja. Anthu amene anaunjikana kumbuyo anawomba m'manja pang'onopang'ono.

Pa chesi, masewero akatha mumasinthana mapepala olembapo mmene mwasewerera kuti aliyense asayine la mnzake. A Telala anakweza magalasi, cholembera chili m'manja. Zolemba za Kalaliki zinali zooneka bwino ngati za pa satifiketi. Pa mzere wa makumi atatu ndi chimodzi panali kudumpha kwa hatchi kuja, kolembedwa bwinobwino, kokhwatchidwa ndi kamzere kamodzi kowongoka. Pambali pake ndi pamene panali kamsilikali kaja.

Sanasayine. Ananyamula pepalalo n'kutuluka nalo pakhonde, pafupi ndi mpopi wodontha. Kalaliki anawatsatira akupukuta manja m'thalauza.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa a Telala.

"Ndinaona ngati sizigwira, aphunzitsi."

"Iwe, ndinakuphunzitsa ndine. Ngakhale utadzuka kutulo sungaisiye hatchi imeneyi. Ukundimata phula m'maso ine?"

Kalaliki anayang'ana madzi akudontha. Bambo wamkulu ndithu, wandevu zake, koma anaima ngati wagwidwa ndi dzanja m'poto.

"Anatipempha ndi achemwali, mwana wanu namwino uja," anatero potsiriza. "Maliro a mayi atangotha. Anati mukagonja mumagona masiku awiri osadya, magazi n'kumathamanga. Anati mwina muleke chesi, mwina tikuthandizeni. Nanga inu mukanaleka?"

"Anakupemphani. Iwe ndi ndani?"

"Ife tonse amene tinadutsa m'manja mwanu. Si masewero onse ayi. Amodzi kapena awiri pa mpikisano, kuti muzipita kunyumba muli bwino."

Zaka zitatu! A Telala anamva manyazi otentha kuposa mkwiyo. Anakumbukira mmene ankafikira pakhomo akuimba mluzu, n'kuyala bolodi patebulo kuti amuonetse mwana wawo mmene amugwetsera wakutiwakuti, iye n'kumati, "Koma ndiye bambo simukalamba." Anakumbukira kuwomba m'manja kwa posachedwapa. Kodi onse aja ankadziwa? Kugonja sikunawapwetekepo chonchi. Wokugonjetsa amakhala kuti wakuyesa munthu, koma awa anawayesa kamwana kopatsidwa chiwongolero chapulasitiki kuti kaziti kakuyendetsa galimoto.

"Tinkachitira chikondi, aphunzitsi."

"Chikondi ukanandidya mfumukazi."

Anatembenuka kuti azipita, koma anaima. Panali chinthu chimodzi chimene mtima unkakana kufunsa, pakamwa n'kufunsa ndithu. Chaka chatha anagonjetsa Injiniya, katswiri wina wa gulu lomwelo la ophunzira awo, pomupatsa dala mfumukazi, n'kumutsekera mfumu atangosuntha kasanu ndi kamodzi. Pepala la tsiku limenelo analiika m'felemu pambali pa galasi loyesera zovala, ndipo aliyense wobwera kudzayesa suti ankayamba wamva nkhani yake.

"Nanga ija ya Injiniya?"

"Ija munapambana nokha," anayankha Kalaliki msangamsanga.

"Ukunena zoona?"

"Eya bambo."

A Telala anamupatsa pepala lake losasayina lija, n'kutsika masitepe osatsanzika.

Sanapite kunyumba. Anakatsekula shopu dzuwa likadalipo, nachotsa nsalu ya kasitomala patebulo, natsitsa felemu ija pakhoma. Anayala bolodi, koma ulendo uno anakhala mbali ya Injiniya. Anatsatira pepalalo mzere ndi mzere mpaka pamene mfumukazi inaperekedwa, n'kuyamba kufufuza pothawira pamene Injiniya akanapaona n'kupasiya dala. Anayesa hatchi, anayesa bishopu, anabweza mfumu pakona. Kulikonse mfumu ya Injiniya inkafa ndithu.

Anabwereza kachiwiri, kachitatu. Pothawira sanapapeze. Mpaka dzulo lomweli akanadumpha ndi chimwemwe n'kuitana wa shopu yoyandikana kuti adzaone. Lero anangokhala, manja ali pamawondo. Mwina pothawira panalibedi, mwinanso palipo, koma maso awo ndiwo sakuonanso. Ndipo mwa anthu onse amene akanatha kuwauza zoona, sanatsale ndi mmodzi yemwe woti amukhulupirire.