Njanji ndi Madzi a ku Chicago

Matilda anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Bolton. Pa onse amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa, osavuta anali a Alvin. Bambowa anali pulofesa wopuma wa mbiri yakale, ndipo moyo wawo wonse anauthera pofufuza za mzinda umodzi wa ku America, Chicago. Analemba buku lolemera ngati njerwa, lonena kuti mzindawo unakula chifukwa cha njanji. Bukulo linkakhala pawindo. Alendo ankalinyamula, kuyamikira kulemera kwake, n'kulibwezera pomwepo.

A Alvin ankadya zimene apatsidwa, kumwa mankhwala, n'kugona. Mawu awo anali zikomo basi.

Tsiku lina kunabwera mayi watsopano pa chikuku, a Edwina. Mwana wawo anawasamutsa ku Sheffield kuti aziwaona pafupi. Nthawi ya nkhomaliro, Matilda anawakankha mpaka pa tebulo la a Alvin, poti m'pamene panali malo.

A Alvin anawayang'ana mayiwo, n'kuika supuni pansi.

"Madzi," anatero.

Matilda anathamangira kukhitchini. Pobwera ndi kapu anapeza a Edwina akuyankha.

"Eya, madzi. Nyanja ndi ngalande. Njanji zanuzo zinaupeza mzinda uli chilili."

"Unali mudzi wa m'matope, mayi."

"Mukanadziwa mukanawerenga mutu wachitatu wa buku langa."

Madziwo sanamwe aliyense. Mwana wa a Edwina ndiye anamufotokozera Matilda pakhonde. Mayi ake nawonso anali pulofesa, nawonso analemba buku la Chicago, koma lawo linkati mzindawo unamangidwa ndi madzi. Iwo ndi a Alvin anayamba kutsutsana m'magazini a ku yunivesite Matilda asanabadwe. Kumisonkhano ankakhala wina uku, wina uko.

Kuyambira tsikulo tebulo lija linasanduka bwalo la milandu. Ankayamba ndi phala lam'mawa, n'kupumira pa mankhwala. Okalamba ena anadandaula kuti sakumva wailesi ya kanema. Manijala analamula kuti a Alvin azidyera m'chipinda mwawo, a Edwina m'chipinda cham'mwamba.

Bata linabwerera. Koma mbale za awiriwo zinayamba kubwerera kukhitchini zili zodzaza. A Alvin anasiya ngakhale zikomo uja. A Edwina ankangoyang'ana mvula pawindo.

Matilda anawauza amuna ake, a Newton, akusita yunifolomu yawo ya kuntchito.

"Chicago-yo ndi kwawo?" anafunsa a Newton.

"Ayi, onse ndi a konkuno."

"Ali ndi munda kumeneko?"

"Alibe."

"Nanga akulimbirana chiyani?"

"Kuti unakula bwanji."

"Si unakula kale?"

Matilda anavomera kuti unakuladi. Komabe m'mawa mwake analowa kwa a Alvin ndi phala, n'kunena akutsegula makatani, "A Edwina akuti njanji ndi zidole za anyamata."

A Edwina sananene zimenezo. A Alvin anadzuka okha, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

"Anatero?"

"Anatero."

"Bweretsa phalalo."

Anamaliza mbale yonse, kenako anamutuma akawauze mayiwo kuti ngalande imauma ndi chisanu nyengo yozizira, pomwe sitima imayenda chaka chonse. Matilda anakwera nawo uthengawo. A Edwina anaitanitsa tiyi ndi buledi, n'kupereka yankho lalitali lokhala ndi zaka ndi mayina a anthu akufa. Matilda anagwirapo theka, kwinako anadzaza yekha. Lamlungu ankapempha chikhululukiro kutchalitchi chifukwa cha bodza, Lolemba n'kupitiriza.

Manijala ataona kuti mbale zikubwera zoyera, anafunsa chimene chasintha. Matilda ananena zoona. Manijalayo anaganiza pang'ono, n'kuwapatsa awiriwo kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kokhala ndi chitseko chokhuthala.

M'menemo anathamo chilimwe chonse. Maso a a Edwina anali atafooka, choncho a Alvin ankawawerengera buku la njanji lija mokweza, kuti mayiwo apeze potsutsa. Ankapezadi pa tsamba lililonse. Matilda akalowa ndi tiyi, ankamufunsa kuti aweruze. Iye ankati shuga ali apo, n'kutuluka.

A Alvin anamwalira nyengo yozizira, asanamalize kuwawerengera a Edwina bukulo. Mwana wawo anapempha a Edwina kuti alankhule pa maliro, poti pa onse odziwa malemuwo, iwo okha ndiwo anali ataliwerengapo kale mpaka kumapeto. Matilda anawaveka chipewa chakuda n'kuwakankha mpaka kutsogolo kwa tchalitchi.

"Anali munthu wakhama," anayamba a Edwina. "Analakwitsa kuyambira tsamba loyamba."

Anafotokoza kulakwitsako mwadongosolo, mutu ndi mutu. Abusa anatsokomola. A Edwina anadikira kuti amalize kutsokomolako, n'kupitiriza. Atafika pa mutu womaliza, mawu anawathawa. Matilda anamasula buleki ya chikuku n'kuwabwezera pamalo awo.

Pobwerera anakwera takisi. Anadutsa mizere ya nyumba zofiira zogundana. Kenako a Edwina anatembenuka.

"Kwanu n'kuti kwenikweni?"

"Ku Balaka."

"Kuli njanji?"

"Ilipo. Sitima imaima pomwepo."

"Nanga nyanja?"

"Ili patali."

"Ndiye tauniyo inakula?"

Matilda anaganizira msika wa kwawo, fumbi lake, ndi amayi ogulitsa mandasi pasiteshoni.

"Ikuyesetsa," anatero.

A Edwina anagwedeza mutu mokhutira.

"Ndimadziwa," anatero. "Tikafika undipangire tiyi. Kwazizira m'tchalitchi muja."