Belu la Njinga pa Zenera la Sitandade 8

Sukulu itayamba kuweruka mochedwa ndi ola limodzi, a Kefasi Mbewe, mlimi wa kufupi ndi Guilleme, sanakangane ndi munthu. Anangopopa njinga yawo.

Unali mwezi wa Epulo, mtedza atakumba kale. Mwana wawo Tawina, wa Sitandade 8, ndiye ankathothola mtedza masana n'kumaingitsa mbuzi pa mtedza woyanika. Tsopano ankafika dzuwa litapendeka, ali lefu ndi njala, mbuzi zitakhuta. Choncho tsiku lililonse, nthawi yakale yowerukira ikakwana, a Kefasi ankaima pa zenera la kalasi n'kuliza belu la njinga kawiri. Tawina ankatuluka atazyolika, anzake akuseka.

Phunziro la ola lomalizalo linali masamu, ndipo mayeso a boma anali atatsala milungu isanu ndi umodzi. Pa mayeso oyeserera Tawina analakwa masamu. Kunyumba sananene.

Nkhani ya belu ndi ya masamuyi inawapeza mayi Felista, msuweni wa a Kefasi, amene anali mu komiti ya sukulu. Anawalondola kumunda.

"Asuweni, ndamva sukulu yathu ili ndi ahedi awiri tsopano. Winayo ndi wa pa njinga."

"Mtedza ukutha," anatero a Kefasi osadzutsa mutu.

"Nanga mwana? Pa mayeso adzamufunsa kuti mbuzi anaingitsa zingati?"

Mayi Felista anawauza za masamu aja, a Kefasi n'kusiya kuthothola. Mayiwo anavomera kuti dandaulo lawo linali lomveka, koma anati malo ake si pa zenera. Lachisanu kunali msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndipo kholo lililonse lili ndi ufulu woyankhulapo. Asanachoke anawaonetsa zimene alangizi a zaulimi anawaphunzitsa. Anasanja mtedza wosathothola pa mulu wozungulira, makoko mkati, masamba kunja, pakati atasiya mpata wopita mphepo. Anati ukatero umauma bwino, ndipo akatchinga ndi minga ungathe kudikira Loweruka.

Lachisanu makolo anadzaza pansi pa mtengo wa mango. A Goliati, oyendetsa kabaza pa Kamwendo, anati olalo n'lochepa, awonjezere awiri, chifukwa ana akaweruka msanga amathera m'mavidiyo. Anthu anawafunsa ngati iwo angapalase njinga mpaka madzulo osadya, onse n'kuseka. Mayi wina wa kutsidya anati ana ake amawoloka mtsinje, ndipo nthawi ya dzinja mvula ya masana idzawatsekereza. Ahedi anafotokoza kuti olalo analiika kuti ana amalize maphunziro a chaka chonse, popeza ambiri ankalowa m'mayeso mitu ina asanaiphunzire.

Kenako a Kefasi anaimirira, chipewa chili m'manja. Anthu anatembenuka, poti palibe amene anawamvapo akuyankhula pa gulu.

"Olalo ndalivomera," anatero. "Njala sindinaivomere. Mwana wanjala samva masamu."

Anakhala pansi. Mayi Felista anayamba kuwomba m'manja, ena n'kutsatira.

Anagwirizana kuti mwana aliyense azitenga kamba, kaya mbatata yophika kaya mtedza wokazinga, ndipo amayi a midzi inayi yozungulira sukuluyo azisinthana kuphika phala. Aphunzitsi analonjeza kuti nthawi yoweruka ikakwana sadzasunga mwana ndi chibalo kapena kusesa. Za mtsinje komiti inalemba kalata kwa mlangizi wa sukulu za m'deralo.

Kuyambira Lolemba Tawina ankakhala mpaka kumapeto, kachitini ka mtedza umene bambo ake anakazinga kali m'chikwama. Mtedza wa pa mulu Tawina ndi bambo ake anauthothola masiku awiri a Loweruka, mayi Felista akuthandiza uku akunyoza asuweni awo kuti manja awo ndi aulesi ngati pakamwa pawo.

Zotsatira zitatuluka, Tawina anasankhidwa kupita ku sekondale. Anathamanga kukawauza bambo ake kudimba. Iwo anamuyang'ana, n'kumwetulira mpaka mano onse kuoneka.

"Masamu?"

"Ndakhoza, ababa."

Makolo, kusukulu kukasintha chinthu chimene chikukupwetekani, musamutulutse mwana m'kalasi. Pitani ku msonkhano mukanene vuto lanu. Ntchito ya kumunda ili ndi njira zina, koma phunziro limene mwana waphonya anzake sadzamudikira.