Ndodo Zofiira za Turid

Chipini cholumikizira makina chinali chitauma gwa ndi chisanu, moti Eilif anachita kuchimenya ndi hamala kuti chilowe. Makina ouluzira chipale chofewa, choyera chija chimagwa m'nyengo yachisanu, anagwirana ndi thirakitala kumbuyo. Anayang'ana matcheni a m'matayala, kenako anangoima m'shedimo manja ali lende. Foni inalira m'thumba.

"Alamu, mwafa kodi?" Anali Sverre, mchimwene wake wa Turid, mkazi wa Eilif. "Ine ndafika kumsewu waukulu kuno ndi chigalimoto, koma njira yokwerera kwanuko sikuoneka n'komwe. Pangoti mbee. Kapena mwachita dala kuti mlongo wanga asachoke?"

"Ndikubwera," anatero Eilif, n'kudula.

Turid ankachoka tsiku limenelo. Makatoni ake anali atasanjidwa pakhonde. Panalibe ndewu, panalibe chibwenzi chamseri choti anthu azinong'onezana potuluka m'tchalitchi. Ana atakula n'kupita kutauni, mawu anangotha m'nyumbamo monga umathera mchere m'botolo, osadziwa kuti watha liti. Turid atapeza kanyumba pafupi ndi mwana wawo wamkazi, anamuuza mwamuna wake pa khofi wam'mawa. Eilif anati, "Chabwino." Munthu wake anali wotero, woti ngakhale denga limugwere angoti chabwino.

Thirakitalayo inali nkhalamba yokonda kunyanyala kukazizira. Ikanakana lero, ndani akanamunena? Wailesi inali italengeza kuti masana kugwa chipale china, ndiye Turid akanagonanso, mwina mpaka sabata yamawa. Eilif anapotokola kiyi monyinyirika. Chinthucho, kupanda manyazi, chinalira kamodzi n'kamodzi.

Njira yawo inali yaitali, yotsetsereka kudutsa m'nkhalango, mtsinje uli mbali imodzi. Chipale chikachuluka chonchi khasu lakutsogolo kwa thirakitala silithandiza. Umayenda chambuyo, khosi utapotokola, makina akumeza chipale n'kumachilavulira kutali. Wokulondolera ndi ndodo zofiira zimene anthu amazika m'mbali mwa njira nthaka isanaume ndi chisanu. Chaka ndi chaka ntchitoyo ankaigwira awiri, Eilif akuyendetsa pang'onopang'ono, Turid akuzika. Chaka chino aliyense anadikira kuti mnzake ayambe kuitchula, ndipo mtolo wa ndodozo unali ukadali m'shedi.

Poyamba zinayenda. Atafika pokhota poyamba, tayala lakumbuyo linangoti tibu, thirakitala n'kupendekeka. Eilif anazimitsa makina, anaika giya yakutsogolo, matcheni anakanda, anakanda, mpaka anatulukamo. Anakhala phee pampando. Sanachite mantha, sanatukwane. Ankangoyang'ana dzenje limene tayala linasiya, pansi pake madzi akuda akuoneka.

Kenako anaona Turid akutsika, atavala jekete yake yakale yogwirira ntchito, akukoka mtolo wa ndodo pa kachilei ka adzukulu.

"Mukufuna mugwere mumtsinje kuti ndichoke pano ndili wamasiye?" anafunsa akupumira m'mwamba.

"Njirayi ndimaidziwa."

"Mumaidziwa kukakhala udzu. Dikirani pomwepo. Makina anuwo musayatse mpaka nditalikire, miyendoyi ndikufuna ndikafike nayo kutauni."

Anapitirira thirakitala n'kulowa m'chipale chofika m'ntchafu. Ankabaya pansi ndi ndodo, kumvetsera, kubayanso, kenako n'kuizika. Akazika zingapo ankakweza mkono, Eilif n'kuyatsa makina, kutsatira.

"Apa pali mwala uja munathyolera khasu!" anakuwa Turid.

"Unali kutsogolo uko!"

"Aaa, inunso! Ukuyenda mwalawo?"

Unali pomwepo ndithu. Eilif anaulambalala.

Anatsika chomwecho, mkazi patsogolo, mwamuna akumutsatira chambuyo. Khosi linayamba kuwawa, koma sakanatha kuyang'ana kwina. Anazindikira kuti papita zaka asanamuyang'ane Turid nthawi yaitali chonchi. Anaona kuti tsitsi lotuluka m'chipewa layera lonse, ndiponso kuti masiku ano amatsimphina mwendo wamanzere. Chinayamba liti chimenechi? Ndodo iliyonse imene Turid ankazika inkamufikitsa pafupi ndi galimoto ya Sverre, ndipo wotsegula njirayo anali Eilif mwiniwake. Anafufuza mumtima kuti mwina apezamo chisoni kapena mkwiyo, chilichonse choti chimutsitse pathirakitalapo. Munali zii, ngati zala zake m'magolovesi.

Kumsewu waukulu anapeza Sverre akupondaponda pansi, kapu ya khofi ili m'manja.

"Ha! Koma abale inu," anatero akuseka. "Anthu osiyana amagwira ntchito chonchi? Ine ndi wanga timakondana, koma kupachika katani kokha timatukwanizana mpaka agalu kuthawa."

Kuseka kwa Sverre kunathera panjira, ndipo anakwera galimoto n'kuyamba kukwera mtunda, Turid ali pambali pake. Eilif anatembenuza thirakitala n'kuwatsatira, akukankha zotsalira ndi khasu lakutsogolo.

Kupakira sikunatenge nthawi. Eilif ananyamula makina osokera, ananyamulanso mpando umene Turid anabwera nawo kuchokera kwa amayi ake. Atatseka chitseko chakumbuyo cha galimoto, Sverre anamusisita paphewa.

"Mawa mugone mpaka dzuwa likwere, alamu. Palibenso wokuvutitsani kuti mutsegule njira."

"Khala chete, Sverre," anatero Turid. Anavula jekete yakale ija n'kuipachika pamsomali wa pakhonde. Kenako anatembenukira kwa mwamuna wake. "Ndodozo ndangozika m'chipale, sizinafike panthaka. Kukafunda zigwa zonse. Mudzazitole, musadzazisiye m'ngalande. Ndipo chaka chamawa mudzazike msanga. Mudzapeze wokuthandizani."

"Chabwino."

Turid anaimabe. Anali atagwira chitseko cha galimoto, koma sanakwere. Ankamuyang'ana, ndipo Eilif anadziwa kuti akudikira. Mawu amene Turid ankadikirawo anali ochepa, oti ngakhale mwana angawanene. Anawamva akukwera mpaka pakhosi. Anatsegula pakamwa.

"Pokhota paja mutsike pang'onopang'ono," anatero. "Pakuterera."

Turid anagwedeza mutu, n'kukwera.

Eilif anaima pabwalo mpaka kulira kwa galimoto kunazimirira m'nkhalango. Analowa m'nyumba, anadya buledi ndi tchizi ali chiimire, osavula nsapato. Panalibe womukalipira za madzi a pansi.

Masana chipale chinayamba monga inanenera wailesi. Anachiyang'ana pawindo chikukwirira mapazi a Turid pabwalo, kenako mikwasa ya matayala. Mufiriji munali chakudya chokwanira, ndipo kunalibe kumene ankafuna kupita. Sverre ananena zoona, panalibe wokwera mtunda umenewu mawa kapena mkuja. Koma njira ikanatsekeka, munthu wofuna kubwerera akanaima kumsewu waukulu, n'kuyang'ana, n'kutembenuka.

Anavala magolovesi ake onyowa aja n'kupita kushedi. Ulendo uno thirakitala inanyanyala, ndipo anainyengerera mpaka inalira. Anapotokola khosi n'kuyamba kutsika chambuyo, akutsatira ndodo zofiira, kutsogolo kwake kulibe munthu wokweza mkono.