Nyemba za M'chipanda cha Paulino

Narciso anapeza mlamu wake Paulino atakhala pakhomo pa msasa, akukhuthulira nyemba pamphasa ndi kuziika m'timilu ta khumikhumi. Mudzi wawo wa ku Chidzolomondo unali utatenthedwa kalekale, ndipo otsala ankabisala m'mbali mwa phiri kuopa anthu a mfuti.

"Alamu, ndayenda masiku anayi kuchokera kumalire," anatero Narciso, akuvula nsapato. "Ine amene ndinkayendetsa kamyao, lole yonyamula katundu, kuchokera ku Beira mpaka ku Wankie, lero ndakwawa m'tchire ngati nungu. Ndabwera kudzatenga mlongo wanga Beatriz ndi mwana. Mvula ikayamba mitsinje idzadzaza, ku Malawi simudzafikako."

"Khalani pansi, mundisokoneza."

Paulino anali mkulu wa mpingo. Tsiku limene tchalitchi chawo chinapsa, anatsegula buku la mneneri Danieli n'kupezamo masiku mil duzentos e noventa, ndiye kuti 1,290. Anauza anthu kuti masikuwo akakwana nkhondo idzatha, ndipo wothawa ndiye wopanda chikhulupiriro. Kuyambira pamenepo ankaponya nyemba imodzi m'chipanda m'mawa uliwonse. Mabanja asanu ndi awiri anatsala naye.

"Kwatsala masiku cento e quarenta basi," anatero atamaliza kuwerenga, kutanthauza masiku 140.

"Kodi Danieliyo anafikako ku Macanga kuno? Anadyapo mbatata ya ku Tsangano?" anafunsa Narciso. "Ku Beira ndinamva mbusa akulalikira kuti chilombo cha m'bukumo ndi Mpwitikizi. Mpwitikizi anapita, mfuti zinatsala. Ku Wankie wina anati ndi kapitawo wa pamgodi. Aliyense amachipeza chilombocho pakhomo pake. Danieliyo ankalira mzinda wakwawo, alamu, osati phiri lanu lino."

"Kuyendayenda kunakuumitsani mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ili ndi nyumba kumsana. Inu muli ndi chiyani?"

Apa Beatriz anatuluka mumsasa atagwira dzanja la mwana wake Inês. Narciso anamuyang'anitsitsa mwanayo. Tsitsi linali litafiira, mapazi atatupa, ndipo sanamwetulire ngakhale malume ake atamuitana ndi dzina.

Beatriz anagwada pambali pa mphasa, maso ali pansi.

"Bambo a Inês, nyembazo sizonse."

"Ukuti chiyani?"

"Mu Fevereiro, mwanayu atagona masiku atatu osalawa kanthu, ndinatapamo chikho chodzaza n'kumuphikira. Patapita sabata ndinatapanso china. Inu munali kumapemphero."

Narciso anayang'ana chikho chachitsulo chimene chinali pafupi ndi mtsuko. Munthu amene anagulitsapo nyemba m'misika itatu safunsa kuti m'chikho mumalowa zingati. Tsiku lolonjezedwalo linali litadutsa miyezi ingapo yapitayo, anthu ali m'phiri momwemo, mfuti zikulirabe kudambo. Njira yonse anabwera akukonza mawu ogonjetsera mlamu wake, koma tsopano sanafune kunena ngakhale amodzi.

Paulino anatenga Baibulo lake lopanda chikuto.

"M'munsi mwa vesi ija muli nambala ina, yotalikirapo pang'ono."

"Zikho ziwiri, alamu. Imeneyonso inapita."

"Tsono ndinayambira tsiku lolakwika. Mwina si tsiku limene tchalitchi chinapsa ayi, koma limene inapsa shikola, sukulu ija."

"Muziyambira pamene mufuna. Mwanayu ndi wa mbumba yanga, ndipo masiku ena cento e quarenta safikako."

Paulino anatseka bukulo.

"Mwamuna wa Genoveva anafuna kuthawa chaka chatha, ine n'kumuletsa," anatero motsitsa mawu. "Tinamuika paseli pa mwala uwo. Ndikamuuze mayiyo kuti chiyani? Pitani nayeni mwanayo. Koma za nyembazi musauze munthu."

"Tiyeni tonse, bambo a Inês," anapempha Beatriz.

"Amene atsale adzafuna wowapempherera."

Dzuwa lili pamutu ananyamuka. Narciso anabereka Inês, ndipo kupepuka kwa mwanayo kunamuopsa kuposa njira imene inali patsogolo. Beatriz anasenza mphika ndi chofunda chimodzi. Atafika pamsasa wa Genoveva, Beatriz anaima.

"Tiye, alamu aletsa," ananong'oneza Narciso.

"Ali ndi ana atatu, achimwene."

Anatula katundu n'kulowa. Narciso anadikira panja mpaka anamva kulira kwa mayi mkatimo.

Pofika madzulo, mabanja atatu anali akuwatsatira m'kanjira kolowera ku Tsangano. Anayi anatsala m'phiri ndi Paulino.