Amayi Akana Kusintha Adiresi

Kutatsala mwezi umodzi kuti tivote, ndinatulukira kuti dzina la amayi lidakali m'kaundula wa ovota wa kumudzi ku Harlow Creek, mtunda wa maola asanu pa galimoto.

Amayi anga, a Darlene Novotny, anakhalapo wapampando wa chipani chawo m'chigawo chonse cha Nebraska kwa zaka zisanu ndi zitatu. Anatha magalimoto atatu akuzungulira m'matchalitchi ndi m'misika ya ng'ombe, kuumiriza anthu kuti akalembetse kuvota. Ife ana tinakula tikumata maenvulopu a chipani. Ndiye tangoganizani, munthu ngati ameneyo osasintha adiresi yake!

Bambo atamwalira tinagulitsa famu, amayi n'kubwera kudzakhala nane mumzinda wa Lincoln. Panali patatha chaka ndi theka, koma mtima wawo unali usanafike.

"Amayi, tiyeni mukalembetse kuno," ndinawapempha.

"Ndine mlendo kuno, Colleen. Mlendo sasintha adiresi. Undiperekeza kwathu. Zaka zonsezi ndavotera m'holo ya ozimitsa moto, bambo ako patsogolo, ine pambuyo. Tikatuluka, khofi ndi mabanzi otentha."

Ndisaname, nanenso ndinakopeka. Ndinkausowa msewu wathu wafumbi uja, ndi minda ya chimanga yopanda malire. Choncho ndinapita kwa a Pruitt oyandikana nafe kukawapempha kuti adzatidyetsere galu tikachoka. A Pruitt anapuma ntchito yogawa makalata, ndipo chisankho chilichonse amathandiza pamalo ovotera. Atamva za ulendowo, anavala chipewa n'kunditsatira kunyumba.

"Mayi Novotny, m'nyumba ya ku famu ija mukugona ndani masiku ano?" anafunsa.

"Kabanja kena. Ndamva kadula mtengo wanga wa maapozi, opanda ulemu."

"Ndiye si kwanunso. Lamulo likuti munthu avote komwe akukhala. Mukakanena kuti mumakhala pa famu mukudziwa kuti munasamuka, umenewo ndi mlandu. Ndipo kulembetsa kuli ndi tsiku lotsekera. Likakudutsani, mukhoza kusowa povotera, kuno ngakhale uko."

Amayi anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Mukuphunzitsa ine? Mawu amenewo ndinkawalankhula pa wailesi inu mukuthamangitsidwa ndi agalu a eni."

"Ndinkamvetsera, mayi. N'chifukwa chake ndinawaloweza."

Ndinafuna kuseka, koma ndinaona kuti amayi sakuseka.

"M'buku lija dzina langa ndi la Elmer n'zoyandikana," anatero motsitsa mawu. A Elmer ndiwo anali bambo anga. "Nyumba inapita, ng'ombe zinapita. Ndi malo okhawo amene tatsala limodzi."

A Pruitt anavula chipewa. "Pepani kwambiri. Munthu akamwalira, dzina lake amalichotsa. M'menemo mwatsala nokha."

Amayi analira, inenso ndinalira. Malamulo onsewa ankawadziwa kuposa tonsefe, koma limeneli anali asanafune kuliganizira.

M'mawa mwake anadzuka okha, n'kutenga chiphaso chawo. Ku ofesi yoona za zisankho kalaliki anawapatsa fomu. Dzina analemba msanga, tsiku lobadwa chimodzimodzi. Pa mzere wa adiresi anaima nthawi yaitali, kenaka anandifunsa nambala ya nyumba yanga. Anali asanaiwerengepo.

Tsiku lovota tinayenda wapansi kupita ku sukulu yapafupi. Palibe amene anawazindikira, munthu amene kale anthu odzaza m'maholo ankamuimirira. Mayi wa pa tebulo anapeza dzina lawo n'kufunsa, "Ndi koyamba kuvota kuno?"

"Inde."

"Watsopano!" mayiyo anafuula, ndipo onse anawomba m'manja monga amachitira ndi achinyamata ovota koyamba. Amayi, a zaka 81, anagwira mkono wanga mwamphamvu.

"Bambo ako akanaseka mpaka kugwa," ananong'ona. Kenaka anandisiya, n'kulowa okha m'kachipinda kovoteramo, ndipo voti yawo inawerengedwa.

Mukasamuka, sinthani adiresi yanu m'kaundula wa voti tsiku lotsekera lisanakwane, ndipo thandizani achikulire a m'nyumba mwanu kuchita chimodzimodzi. Kusowa kumudzi kwanu si mlandu, mtima ukhoza kutsalira kumeneko. Koma voti yanu ili komwe mumagona.