Sikelo ya Venda wa Soya

Marita anayamba kuchita mantha pamene munthu wodzamenyana ndi mwamuna wake anatsika pa njinga yamoto. Anali Moffat wa ku Mvera, chimunthu cha khosi ngati la ng'ombe yokoka ngolo.

Masewera a nkhonya anali achilendo pa Nachisaka. Anabwera nawo ndi a Elifala, msilikali wopuma ntchito, amene anakunga zingwe pa mitengo inayi pabwalo la mpira. Lamulo lawo linali limodzi: omenyana azilemera mofanana, apo ayi wina amafa. Lonjezo, mwamuna wa Marita, atamuyeza kuchipatala anakwana makilogalamu 62. Uthenga wa ku Mvera unati Moffat ndi 63.

"Achimwene, inu anakuyezerani pati?" Marita anafunsa.

"Pa sikelo ya mnzangayu, alamu," anatero Moffat, akuloza venda wa soya amene anamunyamula pa njingapo. "Ndinagwira ngowe n'kukweza miyendo."

Marita anali atagulitsa soya kwa mavenda zaka zambiri, ndipo ankadziwa mmene masikelo ena amadyera makilogalamu. Anaumirira mpaka sikeloyo anaimasula pa njinga n'kuipachika mu mtengo wa mango. Anabwereka pagolosale thumba la feteleza losatsegula, la makilogalamu 50, anthu n'kulikoleka. Muvi unanjenjemera, n'kuima pa 40.

A Elifala nkhope inagwa. "Ameneyu wapitirira 75. Lero nkhonya kulibe."

Koma anthu anali atatsika m'mapiri wapansi, ena kuchokera ku Ntchisi, ndipo anali atapsa ndi dzuwa kuyambira m'mawa.

"Lonjezo wathawa!" wina anakuwa.

"Akabisale m'chitenje cha mkazi wake!"

Phwete linamveka bwalo lonse. Marita anaona msempha ukugunda pakhosi pa Lonjezo. Anamugwira mkono.

"Bambo a Talandira, tiyeni kwathu. Kusekaku mawa aiwala."

"Ine sindidzaiwala," anayankha Lonjezo motsitsa, osamuyang'ana. Anachotsa dzanja la mkazi wake pang'onopang'ono, n'kumanga chingwe cha golovesi ndi mano.

A Elifala anakana kuliza belu, anaika nyundo yolizira m'thumba n'kuima pakati pa zingwe. Anyamata anayi anawanyamula ngati mtolo wa fodya n'kukawakhazika kunja.

Moffat sanaseke nawo. Anayang'ana Marita ngati akupepesa, kenako analowa m'zingwemo. Thumba la feteleza lija linali likulendewerabe mu mtengo, likuzungulira lokha. Kumbuyo kwa Marita munthu wina anatola mwala n'kumenya chitsulo cha belu chija.